MVULA YOWAWASA: MMENE ANTHU A KU MAPIRI A MOTO ATETEZERA MADZI A M'MATHANKI AO

M'CAKA ca 1988 madzi a m'mathanki a anthu a m'dera la Kona, pa cisumbu ca Hawaii pakati pa nyanja yaikulu ya Pacific, anatengedwa kukapimidwa. Madziwo anali oyera bwino, opanda fungo, ndipo mabanja anali kumwa tsiku ndi tsiku osadandaula kanthu. Koma zimene zinapezeka zinaopsa anthu. Pa nyumba khumi ziri zonse zodalira madzi a mvula, pafupifupi zinai zinali ndi mtovu m'madzi ace. Atapima magazi a ena okhala m'nyumbazo, anapezanso kuti mtovu unali utaculuka m'matupi mwao.

Ku Kona kulibe mgodi wa mtovu. Mtovuwo unali kucokera pa madenga a nyumba zao zomwe, ndipo cimene cinausungunula ndico mvula yosakanizika ndi utsi wa phiri la moto lochedwa Kilauea, limene liri kutali, mbali ina ya cisumbuco.

Hawaii ndi gawo la dziko la America, ndipo wina angadabwe kumva kuti m'dziko lolemera cotere muli anthu omwa madzi a padenga. Cifukwa cace ndi nthaka. Cisumbu conse cinapangidwa ndi ciphalaphala ca moto cimene cinaturuka pansi pa nyanja niciuma kukhala thanthwe lakuda la mibowomibowo. Mvula ikagwa pa thanthwe lotere imangolowerera pansi monga madzi othiridwa m'dengu. M'madera ambiri mulibe mitsinje, kukumba citsime ndi nchito yofuna makina a mtengo wapatali, ndipo mipopi ya Boma sinafike ku midzi yambiri ya Puna, Ka'u ndi kum'mwera kwa Kona. Mvula yokha ndiyo yosasowa: mzinda wa Hilo umalandira mvula yoposa mamilimita 3,000 pa caka, kuwirikiza katatu imene imagwa ku Chipata. Motero anthu amachera madzi a padenga. Buku la malangizo limene Patricia Macomber wa pa Yunivesite ya Hawaii analemba m'caka ca 2001 linanena kuti anthu pakati pa 30,000 ndi 60,000 anali kudalira madzi otere. Si cacilendo kumeneko kuona pakhomo thanki ya malita 38,000, ndiye kuti migolo 180 ya malita 210.

UTSI WOSAONEKA GWERO LACE

Kilauea anayamba kuphulika pa 3 Januwale 1983, ndipo sanalekeretu kufikira m'caka ca 2018, zaka 35 zathunthu. Poyamba anali kuphulika nkupumula, koma kuyambira pakati pa 1986 ciphalaphala cinayamba kuturuka usana ndi usiku, ndipo pamodzi naco munali kuturuka mpweya wa sulufule wokwana matani pafupifupi 2,000 pa tsiku. Mpweya umenewu ndi uja umene umalasa m'mphuno munthu akayatsa macisa pafupi ndi nkhope. Ukakwera m'mwamba umakomana ndi cinyezi ndi dzuwa, nusanduka timadontho tating'onoting'ono ta asidi, wa mtundu womwewo wa asidi wa m'batire ya galimoto, ngakhale kuti ndi wosungunuka kwambiri. Timadonthoti timapanga nkhungu yotuwa imene anthu a kumeneko amaicha vog.

Codabwitsa ncakuti ngakhale amene anali kutali ndi phirilo anabvutika kwambiri. Mphepo ya ku Hawaii masiku ambiri imaomba kucokera kumpoto ca kum'mawa. Motero Hilo, amene ali pafupi, amakhala kumbuyo kwa utsi, pamene mphepo imaukankha kuzungulira phiri lalikulu la Mauna Loa niukaunjika m'mbali mwa nyanja ku Kona. Kumeneko umangoyenda uku ndi uku, usana kukwera kumtunda, usiku kutsikira kunyanja, kufikira mvula itautsitsa pa minda ndi pa madenga.

Akatswiri ali ndi muyeso wa kuwawasa kwa madzi umene amaucha pH. Madzi osawawasa konse ali pa 7. Nambala ikamatsika, kuwawasa kumakula, ndipo kutsika ndi sitepe imodzi ndiko kuwirikiza kakhumi. Mvula ya masiku onse, ngakhale ya kumudzi kopanda fakitale, imakhala pa 5.6, pakuti imamwa mpweya wina wa m'mlengalenga pamene ikugwa. Mvula yodutsa mu utsi wa phiri imatha kufika pa 4 kapena kutsikirapo. Pa pepala kusiyana kwa 5.6 ndi 4 kumaoneka kwakung'ono, koma mvula ya pa 4 ndi yowawasa pafupifupi nthawi 40 kuposa inzace.

Asidi wa muyeso umenewu payekha sangaphe munthu. Mandimu, bwemba ndi malambe ndi zowawasa koposa pamenepo, ndipo ana amadya osadwala. Bvuto ndi zimene madzi owawasa amanyambita m'njira. Mai ali yense amene anasiyapo ndiwo za matimati usiku wonse mumphika wacitsulo adziwa kuti m'mawa zimamveka citsulo m'kamwa. Ndi mmenenso mvula yowawasa imacitira pamene ikuyenda pa malata, m'ngalande za padenga, m'mapaipi ndi m'thanki. Ku malata imatenga zinki, uja amene amapakidwa kuti malata asacite dzimbiri, ndipo zinki akatha denga limayamba kubooka. M'mapaipi a mkuwa imatenga mkuwa, umene umasiya zipsera zobiriwira m'mabeseni ndipo ukaculuka umapweteketsa m'mimba. Koma mdani weniweni ndi mtovu. Nyumba zakale za ku Hawaii zinakhomedwa ndi misomali ya mitu ya mtovu kuti denga lisadonthe, m'makona a denga munaikidwa timapepala ta mtovu, penti inali ya mtovu, ndipo mapaipi analumikizidwa ndi mtovu wosungunula. Dziko la America linaletsa penti ya mtovu ya m'nyumba m'caka ca 1978, ndi mtovu wolumikizira mapaipi a madzi akumwa m'caka ca 1986, koma lamulo silinazule misomali imene inali itakhomedwa kale.

Zinki ndi mkuwa amacenjeza munthu, cifukwa madzi amayamba kumveka citsulo. Mtovu sucenjeza. Ulibe fungo, sumveka pa lilime, susintha maonekedwe a madzi. Umalowa m'magazi pang'onopang'ono nukhazikika m'mafupa. Umaononga kwambiri ana ang'ono ndi ana amene ali m'mimba: bongo sukula bwino, mwana amacedwa kumva za kusukulu, magazi amacepa, ndipo cimene caonongeka m'bongo sicibwereranso. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO linaika malire akuti m'malita miliyoni imodzi a madzi akumwa musapitirire magalamu 10 a mtovu, ndipo limanenanso kuti palibe muyeso wa mtovu m'thupi umene udziwika kuti ndi wosaopsa.

Apa mpamene nzeru ya masiku onse imasokeretsa. Anthu anaphunzitsidwa, ndipo ndi ciphunzitso cabwino, kuti madzi okayikitsa aziwiritsidwa. Kuwiritsa kumapha tizirombo ta matenda, koma mtovu si kacirombo. Madzi akamawira nthunzi imacoka, mtovu nutsala, ndipo m'madzi otsalawo umakhala woculukirapo kuposa poyamba. Klorini nayenso sacotsa mtovu. Kusefa ndi nsalu kumagwira zinyalala zokha, pakuti cinthu cosungunuka cimapyola nsalu monga mmene mcere umapyolera.

ZIMENE ANAPHUNZIRA

Nchito yoyamba inali ya padenga. Misomali ya mtovu inazulidwa, timapepala ta mtovu tinacotsedwa, ndipo madenga a penti yakale anasinthidwa kapena analeka kucherako madzi akumwa. Palibe mankhwala othira m'thanki amene angalowe m'malo mwa nchito imeneyi, cifukwa madzi amafika m'thanki atatenga kale mtovu wa padenga. Nthambi ya zaumoyo inakonza zoti eni mathanki azipimitsa madzi ao pa mtengo wotsika, ndipo m'mbali mwa miseu munaikidwa mipopi ya onse kumene mabanja amakatunga madzi akumwa ndi ophikira m'zigubu, nasiya a m'thanki kuti akhale osamba ndi ocapira. Boma siliyang'anira thanki ya pakhomo pa munthu. Mwini nyumba ndiye kapitao wa madzi ace.

Caciwiri ndico kutaya madzi oyamba. Pakapita masiku osagwa mvula, asidi wa mu utsi uja amakhazikika pa denga pamodzi ndi fumbi ndi zitosi za mbalame, ndipo mvula yoyamba imatsuka zonsezi nthawi imodzi. Ena amangocotsa paipi ya ku thanki kufikira denga litayera. Ena amaika paipi yaikulu yoimirira, yotseka kunsi, pakati pa denga ndi thanki. Madzi oyamba amagwera m'menemo, ndipo ikadzaza mpamene madzi otsatira amaoloka kupita m'thanki. Kunsi kwace kumakhala kabowo kakang'ono kuti madzi oipawo adonthe okha mvula ina isanabwere. Ndi cipangizo cosafuna magetsi, ndipo bvuto lace ndi limodzi: kabowoko kakatsekeka ndi matope mwini osaona, paipi imakhala yodzaza ndipo madzi oyamba amangopitirira kulowa m'thanki.

Cacitatu ndico kupha kuwawasa kwa madzi amene alowa kale, kuti asapitirize kudya thanki, mapaipi ndi mipopi ya m'nyumba. Mankhwala ace ali m'khichini muli monse: soda wophikira, yemwe uja amathira m'therere. Mwini thanki amayamba waviika kapepala koyesera pH m'madzi, kamene kamasintha mtundu. Akaona kuti nambala yatsika, amasungunula soda pang'ono m'ndowa, nathira m'thanki, nadikira kuti asakanizike, nayesanso. Colinga ndi kufikitsa madzi pakati pa 6.5 ndi 8.5. Mvula iri yonse yatsopano imabweretsa asidi wina, motero nchitoyi imabwerezedwa nyengo yonse imene phiri likufuka. Pafunika kunena momveka kuti soda amene akunenedwa ndi wophikira. Soda wopangira sopo ndi cinthu cina, amaocha khungu ndi kum'mero, ndipo sayenera kuyandikira madzi akumwa. Soda wophikirayo naye nchito yace ndi imodzi yokha: sapha tizirombo, ndiponso sacotsa mtovu umene wasungunuka kale.

Amene ali ndi ndalama amaika m'njira ya madzi cibotolo codzaza timiyala ta laimu, timene timasungunuka pang'onopang'ono ndi kumeza asidi. Amene anamanga thanki ya simenti anapeza mwai umene sanauyembekeze, pakuti m'simenti muli laimu, ndipo thankiyo imacepetsa yokha kuwawasa kwa madzi. Thanki ya pulasitiki sidyeka ndi asidi, koma siwasinthanso madziwo, ndipo amaturuka owawasa monga analowera kukadya mipopi. Ncifukwa cace alangizi amati m'mawa mpopi uyambe watsegulidwa kwa kanthawi madzi asanatungidwe, popeza madzi amene agona usiku wonse m'paipi ndiwo amakhala atamwa citsulo cambiri.

PHULUSA LIMENE SI CIDULO

Utsi ndi bvuto la tsiku ndi tsiku, koma phiri likakwiya limaponyanso phulusa. M'caka ca 2008 dzenje latsopano linatseguka pamwamba pa Kilauea ndipo utsi unaculuka. Mu Meyi 2018 nthaka inang'ambika pakati pa nyumba za anthu ku Leilani Estates m'dera la Puna. Nyumba zoposa 700 zinakwiriridwa ndi ciphalaphala, mpweya wa sulufule unaposa matani 50,000 pa tsiku, ndipo phulusa linagwa pa midzi ya Ka'u.

Dzina lakuti phulusa likhoza kunyenga munthu wa kumudzi. Phulusa la pamoto amai amaliceza kukhala cidulo, ndipo cidulo cimagwira nchito yofanana ndi soda, ndiko kupha kuwawasa. Munthu angaganize kuti phulusa la phiri likagwera m'thanki lithandiza. Ai ndithu. Ilo si nkhuni zopsa, koma mwala ndi galasi zoperedwa, zakuthwa, zosasungunuka, ndipo kanthu kali konse kamakhala katakutidwa ndi asidi ndi mcere wa mitundumitundu wocokera mu utsi. Ku Hawaii kumagwanso tiulusi ta galasi tatitali, topepuka monga udzu wouma, timene anthu amaticha tsitsi la Pele, dzina la mulungu wamkazi wa moto m'cipembedzo ca makolo ao. Timauluka ndi mphepo makilomita ambiri, timalasa khungu ndi maso, ndipo timaunjikana m'ngalande za padenga.

Langizo la nthawi yotere ndi lalifupi: paipi ya ku thanki icotsedwe phulusa lisanagwe, ndipo thanki ibvundikiridwe. Cakudza siciimba ng'oma, motero paipiyo iyenera kukhala yolumikizidwa mwa njira yoti ngakhale nkhalamba kapena mwana wa sukulu akhoza kuimasula ndi manja usiku. Isabwezedwe kufikira denga ndi ngalande zitatsukidwa. Posesa denga munthu abvale cophimba mphuno ndi pakamwa, awazeko madzi pang'ono kuti fumbi lisabuke, koma asanyowetse kwambiri, cifukwa phulusa lonyowa limalemera monga simenti ndipo limagwetsa denga. Limatereranso, ndipo m'maiko ambiri anthu abvulala pogwa padenga phiri litaleka kale kuphulika. Ngati phulusa lalowa m'thanki, madzi asiyidwe kuti adikhe, ndipo a pamwamba agwiritsidwe nchito yocapa ndi kutsuka. Klorini sagwira bwino m'madzi a matope.

KUFUPI NDI KUNO

Nkhaniyi si ya kutsidya kwa nyanja kokha. Kum'mawa kwa dziko la Congo, limene kuyambira 1971 kufikira 1997 linali kuchedwa Zaire, kuli mapiri awiri a moto, Nyiragongo ndi Nyamulagira, amene ali m'gulu la mapiri oturutsa utsi wambiri pa dziko lonse. Nyiragongo, amene ali pa mtunda wosakwana makilomita 20 kucokera mu mzinda wa Goma, anaphulika mu Januwale 1977, mu Januwale 2002 pamene ciphalaphala cinadula mzinda pakati kukagwera m'nyanja ya Kivu nicisiya anthu oposa 100,000 opanda pokhala, ndiponso pa 22 Meyi 2021.

Nthaka ya kumeneko ndi thanthwe lomwe lija lomeza madzi, ndipo midzi ya m'tsinde mwa mapiriwa, monga Rusayo, imadalira mvula. Mphepo imakankhira utsi ca kumadzulo, pamwamba pa midzi yomweyo. Akatswiri a nyumba yoyang'anira mapiri a moto ya ku Goma, pamodzi ndi anzao a maiko ena, anapima madzi a mvula m'midziyi napeza kuti kuonjezera pa asidi muli fuloraidi wambiri. Fuloraidi wocepa amalimbitsa mano, koma akapitirira mamiligalamu 1.5 pa lita, amene ndiwo malire a WHO, mano a ana amamera ndi mawanga oyera kenaka ofiirira, ndipo akaculuka kwa zaka zambiri amaumitsa mafupa ndi mfundo. Kwa anthu amenewa mwambi uja wakuti walira mvula walira matope uli ndi tanthauzo lowawa, pakuti alibe madzi ena oti asankhe. Soda sacotsa fuloraidi, kuwiritsanso sikumcotsa. Cimene cimathandiza ndi kusefa madzi m'makala a mafupa a ng'ombe oochedwa bwino, njira imene imagwiritsidwa nchito m'madera ena a Kenya, Tanzania ndi Ethiopia. Koma m'dera limene lakhala pa nkhondo zaka zambiri, kumene banja limachera madzi m'beseni ndi m'cigubu, ngakhale kapepala koyesera pH ndi cinthu cosowa.

Ku Vanuatu, dziko lina la zisumbu m'nyanja ya Pacific, ana a pa cisumbu ca Ambrym anapezeka ndi mano a mawanga pa cifukwa comweco. Pa cisumbu ca Ambae, phulusa ndi mvula ya asidi zinaononga minda ndi madzi kotero kuti anthu onse, pafupifupi 11,000, anasamutsidwa m'caka ca 2017 ndiponso kaciwiri mu 2018.

M'Zambia mulibe phiri lophulika. Akasupe a madzi otentha monga Chinyunyu, amene apaulendo a pa mseu wa ku Lusaka amaudziwa, amangosonyeza kuti pansi pa nthaka mpotentha. Goma ali pa mtunda woposa makilomita 1,300 kucokera ku Chipata, ndipo palibe cifukwa coti mlimi wa ku Katete kapena ku Lundazi aope mvula ya pa denga lace cifukwa ca Nyiragongo, kapena ayambe kuthira soda mumgolo wace. Komabe mpweya wa sulufule si mlendo m'dziko lino. Amene anagwirapo nchito ku Migodi amaudziwa ndi dzina lakuti senta, utsi wa m'ng'anjo zosungunulira mkuwa, umene kwa zaka zambiri unadya malata ndi kupsereza ndiwo zamasamba m'komboni ya Kankoyo ku Mufulira. Ndi mpweya womwewo wa Kilauea, ndipo umacita zomwezo pa denga. Mtovu nao ndi wodziwika: mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa m'caka ca 1994, koma ana ambiri a m'makomboni oyandikana nao anapezekabe ndi mtovu woculuka m'magazi zaka zambiri pambuyo pace.

Ndipo popeza mvula iri yonse ndi yowawasa pang'ono, mafunso awa ayeneranso nyumba iri yonse, sukulu kapena cipatala ca kumudzi cimene cimachera madzi a padenga. Misomali ya dengalo ndi ya mtundu wanji? Malata anapakidwa penti yotani, ndipo liti? Mgolo umene ukulandira madzi unasungapo ciani usanafike pakhomo? Madzi a mvula yoyamba ya mu Novembala, imene imatsuka fumbi la miyezi isanu ndi umodzi, amapita kuti?

Ku Hawaii, Kilauea atapumula mu 2018, anthu a ku Kona anaona thambo loyera kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri. Mpumulowo unatha zaka ziwiri zokha. Mu Disembala 2020 moto unabwerera m'dzenje la pamwamba pa phiri, Mauna Loa anaphulika mu 2022 atakhala cete kuyambira 1984, ndipo pa 23 Disembala 2024 Kilauea anayamba kuponya moto m'mwamba mobwerezabwereza. Tsitsi la Pele linagwanso pa madenga a midzi yoyandikana ndi phirilo, ndipo eni mathanki anauzidwanso kuti amasule mapaipi ao.